Nkhwangwa za Todosia

Ku Runcu, kumene msewu umathera ndipo nkhalango ya paini imayambira, chipala cha Ilarie, chosuliramo zitsulo, chidali m'mbali mwa mlatho. Todosia adafika pamenepo ali mkwatibwi wa Ilarie, kuchokera kutsidya kwa phiri kwa abusa a nkhosa. Adali wamfupi, wamapewa otambalala, wosayankhulayankhula. Apongozi ake atamuona adati mtsikanayu ali ndi manja oyenera kukama, ndiye adzikama ng'ombe. Koma mwezi usanathe mvukuto udasowa wovukuta, Ilarie adamuitana kuti angogwirizira tsiku limodzi, ndipo tsiku limodzilo lidakhala moyo wake wonse.

Ilarie ankasula zonse, nsapato za akavalo, mahinjesi, mipeni yophera nkhumba, koma dzina lake lidali pa nkhwangwa. Amuna a ku Runcu ankakwera kunkhalango masamba akayamba kuyoyoka, n'kukakhala kumsasa nyengo yonse yachisanu akugwetsa mitengo, ndipo aliyense ankakwera ndi nkhwangwa ya Ilarie paphewa. Kusula kwenikweniko, kumenya ndi nyundo, Ilarie ankati ngakhale chimbalangondo chingathe mutachiphunzitsa. Ntchito idali kumapeto. Nkhwangwa ikapsa psuu ankaiviika m'madzi, ndipo imatuluka ili youma ngati galasi. Pamenepo ankati chitsulo chakwiya, tsopano chitonthozedwe. Ankaikwecha ndi mwala mpaka iwale, n'kuika msana wake pamakala, kukamwa kuli m'mwamba, n'kumayang'ana mitundu ikukwawa kuchoka kumsana kupita kukamwa. Umayamba mtundu wa phesi la tirigu, kenako wa uchi, kenako uja wa pakhosi pa nkhunda. Lumo ankalichotsa pa phesi. Nkhwangwa yachisanu ankaidikira mpaka pa khosi la nkhunda, chifukwa mfundo ya paini ikaundana imasanduka mwala, ndipo chitsulo chouma kwambiri sichidziwa kugonja. Chimangobenthuka, kachibenthu n'kuuluka kumene kafuna.

Moto udadya maso a Ilarie pang'onopang'ono. Sadanene, nayenso Todosia sadafunse. Adangoona tsiku lina kuti mwamuna wake wachotsa nkhwangwa mochedwa, mtundu utapitirira, ndipo akuitembenuza pafupi ndi mphuno ngati akuinunkhiza. M'mawa mwake Todosia adayamba kung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi uku akuvukuta, maso ali pa chitsulo. Khosi la nkhunda litafika kukamwa, adadula nyimbo pakati. Ilarie adamva, adaviika nkhwangwa m'madzi, osacheuka. Adapitiriza choncho zaka zambiri. Obwera kudzasulitsa ankaseka kuti mkazi wa Ilarie samaliza nyimbo, kaya amaiwala mawu. Dzanja la Ilarie litayamba kunjenjemera, chitseko cha chipala chidayamba kukhala chotseka theka, ndipo nyundo imene anthu ankaimva pamlatho idali m'manja mwa Todosia. Nkhwangwa zinkatulukabe ndi chizindikiro cha Ilarie.

Ilarie adamwalira Pasaka itangodutsa, mitengo ya zipatso za maplamu ili maluwa okhaokha. Mwana wawo yekhayo adali atakwatiwa kutali kuchigwa, ndipo adapempha amayi ake kuti atsike akakhale naye. Todosia adakana. Koma chipala sichidali chake. Chidali cha malemu apongozi ake aamuna, ndipo tsopano mawu adali ndi Nechita, mng'ono wake wa Ilarie, kapitawo wa odula mitengo. Nechita adali munthu wa pakamwa, woseka ndi mimba yonse. Mtima wake sudali woipa, koma adali ndi akavalo awiri opanda khola labwino. Adafika Lamlungu lina, adadya buledi ndi tchizi, adapukuta ndevu, n'kunena kuti zitsulo za achimwene azigulitsa kwa wosula wa kumunsi kwa chigwa, ndipo chipala chikhala khola.

Todosia adamuuza kuti moto wa m'chipalamo sunazime, ndipo nkhwangwa za chaka chino asula ndi iye.

"Alamu," adatero Nechita, "kuvukuta n'kwina, kusula n'kwina. Nanenso ndakhala m'tchalitchi moyo wanga wonse, koma sindinasanduke wansembe."

Adakangana mpaka dzuwa kupendeka. Pomaliza Nechita, poti ankakonda kuoneka wachilungamo, adati chabwino: amuna ake akakwera ndi nkhwangwa za Todosia n'kutsika nazo osadandaula, chipala chikhala chake mpaka imfa. Zikakanika, akavalo alowa.

Nkhwangwa yoyamba Todosia adaisula monga ankasulira nthawi zonse, n'kuitonthoza mpaka pa khosi la nkhunda. Amuna adabwera gulu kudzaona, ena akukankhana pakhomo. Nechita adapisa m'thumba n'kutulutsa tupa. Chinthu chimenecho sichidachitikepo m'chipalamo, pakuti nkhwangwa ya Ilarie munthu ankangoilandira ndi manja awiri n'kuthokoza. Nechita adakhuza tupa kukamwa kwa nkhwangwa, ndipo tupa idaluma pang'ono, monga ikadalumira pa nkhwangwa iliyonse ya Ilarie akadaiyesa. Phwete lidabuka. Wina adati iyi n'njodulira tchizi. Wina adati ayi, n'njopakira batala pa buledi wa wansembe. Nechita adaibweza mwaulemu wonyodola, n'kunena kuti alamu asadandaule, akavalo ake ndi aukhondo.

Todosia akadatha kunena kuti nkhwangwa zimene adakwera nazo chaka chatha ndi zaka za m'mbuyo zidasulidwa ndi manja omwewa. Koma kunena zimenezo kukadavula Ilarie ali m'manda, ndipo adaluma mlomo. Amuna atachoka adakhala pachitsa chosulirapo nthawi yaitali, makutu akuyaka. Kenako adanyamuka, adavukuta moto, adaiotchanso nkhwangwa ija, adaiviika, ndipo phesi la tirigu litangoonekera kukamwa adaichotsa. Sadang'ung'udze nyimbo.

Nechita atabweranso ndi tupa yake, tupa idatsetsereka ikulira ngati kabelu, osasiya ngakhale kamzere. Adayesanso, adakanikiza ndi mphamvu, n'kuyang'ana mlamu wake ndi maso ena. Sabata zotsatira amuna adabwera mmodzimmodzi, aliyense ndi tupa yake tsopano, ndipo Todosia adawapatsa zimene tupa inkafuna. Womaliza kubwera adali mkulu Onisim, wa diso limodzi, amene diso linalo adalisiya kunkhalango ali mnyamata, kachibenthu ka nkhwangwa yogula pamsika katamulasa. Iyeyu sadabwere ndi tupa. Adalandira nkhwangwa ndi manja awiri, adati mzimu wa a Ilarie uuse mumtendere, n'kutuluka. Todosia adatsegula pakamwa kuti amuitane, koma Nechita adali ataima pamlatho akusuta, ndipo adamuleka apite.

Chaka chimenecho kuzizira kudachedwa. Mitengo idali yofewa, nkhwangwa zakuthwa ngati malumo, ndipo woyendetsa ngolo amene ankakweza ufa kumsasa ankatsika ndi mbiri yokoma. Amuna akuti sananolepo chiyambire. Nechita mwini akuti achimwene ake sadasulepo zotere. Amayi amene kale ankangomugwedezera mutu adayamba kuima pamlatho kumufunsa za mipeni ndi mapoto obooka. Todosia ankayankha bwino, ndipo mumtima ankadzinyenga kuti mwina chaka chino chisanu chidzakhala chaulemu. Chikomekome cha mkuyu, iye yekha ndiye ankadziwa za nyerere zake.

Khirisimasi itayandikira chipale chofewa chidagwa chambiri, kenako thambo lidayera, ndipo kuzizira kudatsika kuphiri ngati chilombo. Madzi a m'mbiya yoviikira adaundana mpaka pansi. Mbalame zinkagwa m'mipanda. Kunkhalango mitengo inkaphulika yokha ngati mfuti. Todosia adamva kuphulikako ali pakhomo, ndipo adadziwa tanthauzo lake. Tsiku limenelo adalitaya akusesa m'chipala mosesedwa kale, akudziuza kuti chipale chikagwa chotere amuna amayamba akoka mitengo yogwetsa kale ndi akavalo, nkhwangwa zili pa chitsa. Zidali zoona, koma kukoka kumatha.

M'mawa mwake mkazi wa Onisim adadutsa akuchokera kukatunga, nsidze zitayera ndi chisanu. Adaima kuti aothe manja pa makala. Adati kukazizira chonchi iye sagona, amaganiza za diso limodzi lija, koma chaka chino mtima uli m'malo, poti bambo akwera ndi nkhwangwa ya m'chipala cha a Ilarie. Adathokoza moto n'kupita.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Todosia adavala chikhoti cha chikopa cha nkhosa cha malemu mwamuna wake, adakulunga mapazi ndi nsanza zaubweya, adaponya m'thumba mbaniro, mwala wokwechera ndi chibenthu cha buledi, n'kuyamba kukwera. Njira ya ngolo idali itakwiririka. M'malo ena chipale chinkafika m'chiuno, ndipo mpweya unkaluma m'chifuwa ngati wameza minga. Adali mayi wa imvi kale nthawi imeneyo. Njira yonse ankaganiza chinthu chimodzi, kuti akupita kukapereka chipala kwa akavalo ndi manja ake omwe. Adaimapo kangapo. Sadabwerere.

Adafika dzuwa lili pamutu, lowala koma lopanda moto. Amuna adali mumsasa akudya mafuta a nkhumba ootcha pa timitengo, akavalo ali panja atafunditsidwa mabulangeti. Nkhwangwa zidali zitakhomedwa pa zitsa pabwalo monga mwa chizolowezi, zoyera ndi chisanu. Atamuona pakhomo adadzidzimuka, poganiza kuti kumudzi kwagwa maliro. Adamukhazika pamoto, adamupatsa kachasu wa maplamu. Iye adafunsa kaye ngati ayamba kugwetsa. Nechita adati kukoka atha m'mawa womwewo, akangomaliza kudya alowa m'mitengo.

Pamenepo Todosia adawauza kuti agulule mipini, ampatse nkhwangwa zonse azitonthozenso, chifukwa ndi zouma mopitirira ndipo m'chisanu chotere zibenthuka.

Adayamba ndi kuseka. Nechita adati chisanu chawalowa m'mutu alamu, wina awonjezere kachasu. Nkhwangwa zimene zadula miyezi yonseyi osanola, lero azifewetse? Wina adati mwina mayi asowa ntchito kumudzi. Wina adati kugulula mpini wokhazikika bwino pakati pa nyengo ndi tsoka, agogo ake ankatero. Todosia adabwereza mawu ake, ndipo iwo adabwerera ku mafuta awo a nkhumba.

Todosia adaika kapu pansi n'kutuluka. Nkhwangwa ya Nechita ankaidziwa, idali yaikulu kuposa zonse ndipo adaisula mosamala kuposa zonse. Adaizula pa chitsa. Pafupi padali thunthu la paini logwetsedwa kale, la mfundo zakuda zonenepa. Amuna adali atatuluka tsopano, ena akutafuna.

"Tembenukani nonse," adatero. "A Onisim, inu lowani m'nyumba."

"Alamu, ikani pansi chinthu cha eni ake," adatero Nechita.

Todosia adakokera mpango kumaso, adasankha mfundo yaikulu, n'kutema ndi mapewa ake onse a m'chipala. Kudamveka ngati mbale yagwa pa mwala. Kachibenthu kamodzi kadakakhomeka pa chitseko cha msasa, pa msinkhu wa nkhope ya munthu. Kena kadang'amba mpango n'kumucheka tsaya. Adakweza nkhwangwa kuti onse aone: kukamwa kudali ndi gweru lolowa zala ziwiri.

Padalibe woseka. Magazi ankatsika n'kuundana asanafike pachibwano. Nechita adalandira nkhwangwa yake, adaiyang'ana, n'kuyang'ana kachitsulo ka pachitseko. Nkhope yake idada. Adafunsa ngati Todosia adadziwa zimenezi pamene ankawapatsa nkhwangwazo.

"Ndidadziwa," adatero Todosia. "Mudafuna kuti tupa iimbe, ndidaiimbitsa. Ndidafuna kukutsekani pakamwa, alamu, ndi kusunga chipala. Cholakwa n'changa. Akavalo anu alowe, koma munthu asatsike kuno atamanga nsanza kumaso chifukwa cha ine."

Nechita adakalipa ndithu. Adati wawapusitsa ngati ana, wawatumiza kunkhalango ndi magalasi pa mipini, ndipo achimwene ake akutembenuka m'manda. Zambiri mwa izo zidali zoona. Ali mkati mokalipa, Onisim, amene sadalowe m'nyumba monga adauzidwira, adazula nkhwangwa yake, adaitembenuza pa chitsa n'kuyamba kugogoda mpini kuti utuluke. Atatha adaiika pamapazi pa Todosia. Ena adayang'anana, n'kupita ku zitsa zawo.

Todosia adawauza akokere makala pafupi ndi khomo, pamene kuwala kwa dzuwa kunkafika, ndi kusungunula chipale mumphika waukulu. Adagwada pamenepo, tsaya atalimata ndi utomoni wa paini. Adakwecha nkhwangwa ya Onisim mpaka kuwala, adaigwira ndi mbaniro, msana pamakala. Amuna adamuzungulira, ndipo adawathamangitsa kuti akumutchingira kuwala. Phesi la tirigu lidayamba kukwawa. Osadziwa n'komwe, Todosia adayamba kung'ung'udza nyimbo ija. Uchi udadutsa. Khosi la nkhunda litafika kukamwa adadula nyimbo pakati, n'kuviika nkhwangwa mumphika.

Onisim adali atakhala pa chitsa akumuyang'ana ndi diso lake limodzilo. Adadikira mpaka nkhwangwa yachitatu, nyimbo itadukanso pamalo ena.

"Mayi," adatero motsitsa, "nyimbo imeneyi ndaimva zaka zambiri pamlatho paja, siidathepo. Kodi a Ilarie maso adasiya liti kuona?"

Todosia sadakweze mutu. Adati a Ilarie adali wosula wabwino kuposa onse m'chigwa chino.

"Sindikukana," adatero Onisim. "Ndangofunsa za maso."

Todosia adatenga nkhwangwa ina n'kuyamba kuikwecha. Koma amene adali pafupi adamva, ndipo Nechita, amene adali ataima pakhomo ndi nkhwangwa yake yagweru, adasiya kung'ung'udza zake. Ankakumbukira chitseko chotseka theka chija.

Dzuwa lisanalowe kuseri kwa phiri nkhwangwa zonse zidali pa mipini, kupatula ya Nechita, imene inkafunika chipala. Onisim adatenga yake, adapita pa thunthu lomwe lija, adasankha mfundo ya pafupi ndi yoyamba ija n'kutema. Mfundo idagawika. Adapaka chala kukamwa kwa nkhwangwa, n'kukweza kuti aone: padalibe gweru. Wina adapisa m'thumba kufuna tupa, mnzake adamumenya dzanja.

Todosia adagona kumsasa, ndipo m'mawa Nechita adamutsitsa pa kavalo, iye akuyenda pansi atagwira chingwe. Atafika pamlatho Todosia adatsika, adatsegula chipala, n'kufunsa ngati achotse zitsulo lero kapena adikire chisanu chithe. Nechita adaima pakhomo akukanda ndevu. Adati pangano lidali loti amuna atsike osadandaula, ndipo iye akudandaula kwambiri, chifukwa nkhwangwa yake waiswa ndi munthu wina wopanda ulemu. Adaiponya pa chitsa chosulirapo. Adati kumunsi kwa chigwa sapita m'chipale chotere, ndipo akavalo ake sakonda fungo la makala.

"Ndiye vukutani," adatero Todosia. "Ndilibe wovukuta."

Kapitawo wa odula mitengo adavula chikhoti n'kugwira mvukuto, akudandaula kuti msana, akudandaula kuti utsi. Ntchito itafika kumapeto adafuna kuyamba nthabwala ina, ndipo mlamu wake adamuuza atseke pakamwa, mitundu ikubwera.

Todosia adasula m'chipalamo mpaka manja adakana. Chizindikiro cha Ilarie sadachisinthe. Chipsera cha patsaya chidakhala choyera, ndipo kukazizira chinkafiira, moti amayi ankati akafuna kudziwa za chisanu amayang'ana nkhope ya Todosia. Nechita adamutcha Chiswankhwangwa mpaka tsiku la imfa yake, ndipo pa phwando lililonse ankafotokoza nkhaniyi akuikometsera, gweru likukula chaka ndi chaka. Makina odulira mitengo atafika, nkhwangwa zidachepa, Todosia n'kumangosula mahinjesi ndi nsapato za akavalo, osadandaula. Mlendo akabwera ndi tupa kudzayesa ntchito yake ankamulola, n'kumuuza kuti tupa iluma, ndipo ngati sakufuna yoluma apite kumsika.

Za ulendo wa kuphiri uja mwini wake sankakonda kukamba. Anthu akamuyamikira ankati palibe choyamikira munthu amene wakolopa madzi amene adataya yekha. Koma mkazi wa Onisim, chaka chilichonse nkhumba ikaphedwa, ankatumiza mwendo kuchipala. Todosia ankaubweza, iye n'kuutumizanso, mpaka Todosia adatopa n'kuyamba kulandira.